ZA M'NYUMBA MWATHU: Madzi Osamba ndi Mtengo Wache



Chiperoni chafika. Nkhungu yatsika pa phiri, yabisa Ku Chawe ndi mitengo yonse ya kumtunda, ndipo ife a ku Zakazaka, pamodzi ndi onse okhala pafupi ndi phiri la Zomba, tidziwa chimene chitsata: mwana akana kusamba, mkulu aima nthawi yaitali nayang'ana ndowa, mai wa nyumba ayamba kuyesa ndi maso makala otsala m'thumba, ndi bambo apita kawiri kawiri pa mita kukaona mayunitsi alikusungunuka ngati mchere m'madzi. Mphepo imeneyi itenga dzina lache ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, koma ngongole yache tilipira ndife. Chifukwa chache mwezi uno ndifuna tikambirane za madzi otentha, m'mene tiwafunditsira, ndalama zimene adya, ndi njira zochepetsera ndalamazo popanda kuleka kusamba.

Tiyambe ndi masamu, pakuti munthu wosawerenga anyengedwa ndi wogulitsa ali yense. Mwa zinthu zonse za m'nyumba, madzi ndiwo afuna moto wambiri kuti afunde. Yuniti imodzi ya magetsi, yomweyo imene mugula pa mita, ikweza malita 860 a madzi ndi digiri imodzi yokha. Sungani chiwerengero chimenechi, 860, popeza ndicho mfungulo ya nkhani yonse. Tiyese kuti madzi a pa mpopi ali pa madigiri 20, ndi madzi okoma kusamba ali pa madigiri 40. Ndowa yanu ilowa malita 20. Muchulukitse malita 20 ndi madigiri 20 amene mufuna kuonjeza, mupeza 400. Mugawe ndi 860, ndipo muona kuti ndowa imodzi idya pafupi theka la yuniti. Banja la anthu 6, yense ndi ndowa yache, lidya mayunitsi 3 pa tsiku, ndiwo 90 pa mwezi. M'miyezi ya June ndi July madzi otsika ku damu la Mulunguzi azizira koposa apo, ndipo chiwerengero chikwerako pang'ono. Mtengo wa yuniti usintha monga a MERA alola, makamaka chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023; tsono muno tiwerenga ndi mayunitsi, ndipo inu muchulukitse ndi mtengo wolembedwa pa lisiti lanu.

Tsopano tibwere kwa iwo amene ali ndi giza m'denga. Akulu akumbukira kuti pamene Zomba anali likulu la dziko, kuyambira 1891 kufikira 1975, nyumba zambiri za Azungu zinali ndi mgolo wa malita 200 kuseri kwa bafa, womangidwa m'njerwa, ndi moto pansi pache. Iwo anautcha Rhodesian boiler. Bwana sanadandaule za mtengo wa madzi otentha, pakuti nkhuni zinali zochuluka, ndi wosonkha moto mbandakucha anali wantchito. Giza ndiye mdzukulu wa mgolo uja. Moto wache ndi chitsulo chotenthedwa ndi magetsi chomira m'madzi, ndipo wantchito wosonkha moto tsopano ndi thumba lanu.

Taonani chimene adya. Giza wa malita 150, kuti akweze madzi kuchokera pa madigiri 20 kufikira pa 60, afuna mayunitsi 7. Pamwamba pa amenewo pali ena otaika chabe: thanki yotentha ikhala m'denga lozizira usana ndi usiku, kutentha kutuluka pang'ono pang'ono m'zipupa zache ndi m'mapaipi, ndipo giza adziyatsa yekha kubweza chimene chataika, ngakhale palibe munthu watsegula mpopi. Kutaika kumeneku kufika pafupi mayunitsi 2 pa tsiku, ndi kuposa ngati giza ndi wakale. Banja lotha thanki yonse tsiku liri lonse lilipira tsono mayunitsi 9 pa tsiku, ndiwo 270 pa mwezi, chifukwa cha madzi okha. Wailesi, nyali ndi mafoni zonse pamodzi sizifika pamenepo. Bambo wokalipira ana chifukwa cha nyali yosiyidwa yoyaka m'chipinda, pamene giza alikuwira m'denga, afanana ndi mlimi wothamangitsa mpheta nasiya nguluwe m'munda.

Pano ndifuna kutsutsa mau amene amveka kawiri kawiri, akuti: zimitsa giza usana, ndipo mayunitsi ako adzachepa ndi theka. Si tero ai. Kuzimitsa kupulumutsa gawo la mayunitsi 2 otaika aja, koma mayunitsi 7 ali pomwepo, popeza madzi ozizira olowa m'malo mwa amene mwasamba ayenera kutenthedwa ndithu, kapena m'mawa kapena madzulo. Kuzimitsa nkwabwino, ndipo giza wa makilowati 3 atha ntchito yache yonse m'maora awiri ndi theka. Kaswichi kodziyatsa ndi kudzizimitsa pa nthawi yoikika kachita ntchito imeneyi bwino koposa munthu woiwala. Nkwabwinonso kubveka thanki chofunda chache chogulidwa m'sitolo ya zomangira, ndi kukulunga mapaipi otuluka m'thankimo. Koma phindu lalikulu liri kwina, ndilo kuchuluka kwa madzi amene muthira pa thupi. Malita 150 a madigiri 60, mukawasakaniza ndi ozizira, akhala malita 300 ofunda, ndizo ndowa 15. Kodi banja la anthu 6 lifuna ndowa 15? Lifuna 6. Zinazo zipita ndi shawa, imene itulutsa malita 10 kapena kuposa pa mphindi iri yonse, pamene mnyamata aima pansi pache naimba nyimbo zitatu. Nyumba yokhala ndi giza, koma yosamba ndi ndowa ndi kapu monga makolo, ichepetsa ngongole yache pafupi ndi theka lero lomwe, yosagula kanthu. Ndipo mpopi wa madzi otentha wodontha ungathe kudzaza pafupi ndowa m'tsiku limodzi ndi usiku wache; kalabala kache ndi ka mtengo wochepa.

Chenjezo limodzi lisanandipitirire. Pa giza pali kachipangizo koyesa kutentha. Amisiri ena akasiya pa madigiri 70, kumene kuli kutaya magetsi ndi kuika ana pa ngozi ya kupsya. Katsitseni kafike pa 60. Koma musatsike kunsi kwa 60 pofuna kupulumutsa zambiri, pakuti m'madzi ofunda chabe osungidwa masiku ambiri mubala kachirombo kotchedwa Legionella, kodwalitsa chibayo choopsya munthu akapuma nthunzi yache. Kanadziwika katapha anthu osonkhana m'hotela ina ku Philadelphia mu 1976.

Tsono nanga dzuwa? Ambiri a inu mwaona pa madenga ena m'tauni muno thanki yogona chopingasa, ndi mapaipi a galasi akuda ondandalika pansi pache ngati nthiti. Ena ayesa kuti chipanga magetsi monga sola ya nyali. Iai, chimenechi sichidziwa magetsi konse, chitenthetsa madzi basi. Paipi iri yonse ndi magalasi awiri, lina m'kati mwa linzache, ndipo pakati pao anachotsapo mpweya wonse, monga m'fulasiki ya tiyi, kuti kutentha kolowa kusatulukenso. Madzi a m'paipi akatentha apepuka nakwera okha kulowa m'thanki, ndi ozizira, pokhala olemera, atsika kukatenga malo ao. Atero kuzungulira tsiku lonse, popanda injini, popanda munthu wopopa. Ndicho chifukwa thanki ikhala pamwamba nthawi zonse. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Clarence Kemp wa ku Baltimore, ku America, anayamba kugulitsa chotenthetsera madzi cha dzuwa mu 1891, chaka chomwecho chimene Harry Johnston anakhazika boma lache kuno ku Zomba. Dziko la Israel linalamula mu 1980 kuti nyumba zatsopano zikhale nacho, ndipo lero madenga ambiri a kumeneko ali nacho. Abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg adziwa kuti kuyambira 2011 lamulo la zomanga la South Africa lifuna kuti theka la madzi otentha a nyumba yatsopano litenthedwe ndi njira yina, yosati chitsulo cha magetsi chija. Ife tiri ndi dzuwa losachepera lao, ndipo tiligwiritsa ntchito ya kuyanika ufa ndi zobvala zokha.

Koma wofuna kugula amvere izi poyamba. Dziko lathu liri kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa liyenda chakumpoto. Magalasi ayang'ane kumpoto, pa malo opanda mthunzi wa mango kapena wa nyumba ya mnansi. Kwa ife a ku Zomba pali bvuto lathu lathu: phiri liri mbali yomweyo ya kumpoto ndi kumadzulo kwa tauni, ndipo okhala pafupi ndi tsinde lache ataya dzuwa msanga madzulo. Musanalipire, khalani tsiku limodzi la mwezi uno ndi kuona ora limene mthunzi ufika pa denga lanu. Chachiwiri ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 150 pamodzi ndi zitsulo zache ifika pafupi makilogalamu 200, ndiwo matumba anai a chimanga okhala pa malo amodzi chaka chonse. Denga la mitengo yodyedwa ndi chiswe silisenza zimenezo, ndipo kuli bwino kumanga nsanja ya zitsulo pambali pa nyumba kusiyana ndi kupeza thanki pa bedi. Chachitatu, madzi akasiya kutuluka ku mipopi ndi magalasi akakhala ouma pa dzuwa, atentha koopsya. Mukalowetsamo madzi ozizira masana, galasi lisweka. Dikirani usiku kapena m'mamawa. Lina likasweka ndi mwala wa legeni, lichotsedwa lokha ndi kuikapo lina. Funsani wogulitsa ngati asunga magalasi apadera a msinkhu womwewo, ndipo akayamba kukanda m'mutu, pitani kwina. Mu October madzi a m'thanki afika pafupi kuwira, tsono mmisiri aike chosakanizira ndi ozizira asanafike pa mpopi wa ana.

Nanga masiku a chiperoni, pamene dzuwa libisala masiku atatu? Apa ndipo pagona chinyengo chimene ambiri sachiona. Zotenthetsera zambiri za dzuwa zibwera ndi chitsulo cha magetsi m'thanki, cha kuthandiza masiku otere. Nchabwino, koma mmisiri waulesi achilumikiza kuti chikhale choyaka nthawi zonse. Banja lisamba madzulo, madzi ozizira alowa, chitsulo chiwatenthetsa usiku wonse ndi mayunitsi anu, ndipo dzuwa potuluka lipeza ntchito yatha kale. Mwini nyumba adabwa kuti wataya ndalama zambiri ndi mita ithamanga monga kale, nayamba kuuza anzache kuti sola ndi bodza. Chitsulo chimenecho chikhale ndi swichi yache ya pa khoma, chiyatsidwe pa masiku a nkhungu okha, ndipo achilumikize munthu wokhala ndi chiphaso cha ntchito ya magetsi. Banja liphunzirenso kusamba madzulo, madzi ali pa ukali wao.

Chikaikidwa bwino chotere, pa mayunitsi 9 aja mungathe kupulumutsa 6 pa tsiku mukawerenga chaka chonse, ndiwo oposa 2,000 pa chaka. Muchulukitse ndi mtengo wa yuniti, ndipo mugawe mtengo wa chipangizo ndi wa mmisiri ndi ndalama zimenezo. Chotuluka ndicho chiwerengero cha zaka zimene chidzabweza ndalama zanu. Kwa banja lalikulu, nyumba ya alendo, chipatala kapena sukulu yogonera, zaka zimenezo zichepa, ndipo ine ndiyesa kuti kuchedwa kugula ndiko kutaya. Kwa anthu awiri osamba ndowa imodzi imodzi yofunditsidwa ndi ketulo, zakazo zichuluka, ndipo ngongole ya katapira yotengera chinthu chotere ndi kupusa. Palinso mfundo yobvuta m'tauni ngati yathu ya aphunzitsi, asilikari, apolisi, anamwino ndi ophunzira a pa yunivesite, kumene ambiri akhala m'nyumba za lendi. Denga ndi la mwini nyumba, mita ndi ya wokhalamo. Mwini nyumba alibe chifukwa cha kugula, popeza salipira magetsi. Wokhalamo alibe mtima wa kukonza denga la mwini. Mfundo imeneyi imasuka pokha pokha awiriwo akakhala pansi ndi kulemba pangano, wina agule ndi kuchotsa pang'ono pang'ono pa lendi. Ziliponso makina otchedwa heat pump, ogwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa, otenga kutentha kwa mpweya wa kunja ndi kukulowetsa m'madzi. Yuniti imodzi ichita ntchito ya mayunitsi atatu. Koma mtengo wache ngwokwera, ndipo magetsi akazima nawo aima.

Ndalankhula nthawi yaitali ndi eni magiza, ndipo ndidziwa kuti ndiwo ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha mwa 100 m'Malawi zinali kuunikira ndi magetsi a ESCOM, ndi zoposa 90 mwa 100 zinali kuphika ndi nkhuni kapena makala. Kwa ambiri a ife giza ndi mphika wakuda pa mafuwa atatu, ndipo mtengo wache ulipidwa ndi makosi a amai amene muwaona alikutsika phiri ndi mitolo yaitali pa mutu. Masamu aja agwira pano chimodzimodzi, koma kutaika nkwakukuru koposa: pa mafuwa, mwa magawo 10 a moto, limodzi lokha kapena kuposerako pang'ono lilowa m'mphika, ena onse apita ndi mphepo. Makala aoneka aukhondo, koma uvuni wa dothi udya nkhuni zolemera kasanu kapena kuposa kuti utulutse thumba limodzi.

Njira za nyumba zotere nzotsika mtengo, ndipo nchifukwa chache zinyozedwa. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo la konkuno, itsekera moto m'kati ndi kuulondolera pa mphika. Ichepetsa nkhuni ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa, ndipo ilandira zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo. Mu 2013 Mai Joyce Banda, ali mtsogoleri wa dziko, anaika cholinga chakuti nyumba 2 miliyoni zikhale ndi mbaula zosunga nkhuni pofika 2020, ndipo kuyambira pamenepo magulu a amai ambiri aphunzira kuziumba. Mphika wa madzi ukhale ndi chibvundikiro nthawi zonse. Nkhuni zikhale zouma, pakuti yaiwisi iyamba yatha mphamvu yache pa kuumitsa madzi ache omwe. Potha kuphika nsima, makala otsala asafe chabe. Tereka madzi pomwepo, ndipo akatentha ukulunge mphika m'bulangeti lakale kapena m'dengu la nsanza, adzakhala ofunda kufikira nthawi ya kusamba. Ndipo chigubu cha malita 20 chopakidwa utoto wakuda, choikidwa pa lata padzuwa kuyambira m'mawa pa malo osaomba mphepo, chipatsa madzi okwanira kusambitsa ana pobwera ku sukulu. Chimenechi ndi sola ya munthu wosauka. M'miyezi yotentha sichifuna thandizo, ndipo m'miyezi yozizira chichepetsa moto wofunika. Madzi ache akhale osamba ndi otsukira, osati akumwa.

Zinthu ziwiri zipha m'nyengo ino, ndipo ndizinena mosabisa. Choyamba ndi mbaula ya makala yolowetsedwa m'bafa kapena m'chipinda chotseka. Makala atulutsa mpweya wopanda pfungo, wopanda utsi wooneka. Munthu amva mutu kulemera ndi tulo, nagona, osadzukanso. Chachiwiri ndi waya wotenthetsera madzi womizidwa m'ndowa, makamaka wopangidwa pa msika. Mwana aika dzanja kuti amve ngati afunda, ndipo magetsi amgwira. Wogwiritsa ntchito chinthu chimenechi achizule pa khoma asanakhudze madzi, ndipo ndowa isakhale pofika ana.

Mau akuti mtengo m'chinenero chathu anena zinthu ziwiri, ndipo pa nkhani iyi ziwirizo zikomana. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi ibadwira pa phiri ili, nitsikira ku nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1995 ndi kuphwanso kwambiri mu 2018. Mbali ya kumadzulo itsanulira madzi ache ku Shire, kumene kuli makina a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, opanga magetsi ambiri a dziko lino. Mapiri akametedwa, mvula ikokolola dothi, matope adzaza pa makina, magetsi achepa, ndipo a m'tauni, pokhala mumdima, aitanitsa makala ena. Pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo njinga za makala sizinapume. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndi wootcha makala wopanda chilolezo alangidwa kolimba. Koma wootcha apita kuthengo chifukwa wogula alikumdikira pa chipata. Eni magiza nawonso ali ndi gawo lao: magiza 1,000 a makilowati 3 oyaka pamodzi madzulo, nthawi imene dziko lonse liphika ndi kuunikira, akoka mamegawati 3, ndipo magetsi akaperewera dera lina lizimitsidwa. Woyatsa giza wache masana kapena pakati pa usiku salipira zambiri, ndipo mnansi wache adya chakudya cha madzulo poyera.

Wofuna kudziwa za nyumba yache achite chotere sabata ino. Alembe mayunitsi a pa mita Lolemba m'mawa, asasinthe kanthu m'nyumba, nalembenso Lolemba lotsatira pa ora lomwelo. Sabata yachiwiri atsitse giza pa 60, amuyatse maora awiri ndi theka okha, onse asambe ndi ndowa, nalembenso. Wa makala achite chimodzimodzi ndi thumba lache: alembe pa khoma tsiku lolitsegula ndi tsiku lolikutumula, poyamba monga mwa masiku onse, pambuyo pache ndi chibvundikiro, chigubu chakuda ndi mphika wokulunga. Mapepala amenewo muwatumize kwa mkonzi wa kalata iyi, ndi chiwerengero cha anthu a m'nyumba mwanu, ndipo tidzawaika pamodzi m'kalata ya mwezi wa September.